Chaja yothamanga ya 72V 20A: imagwira ntchito, koma dzuwa la ku Salima silimvana nayo

Akabaza a njinga zamoto zamagetsi amaikonda chaja iyi chifukwa cha nthawi. Batire la 72V 40Ah limadzaza pa maola pafupifupi 4 ndi chaja wamba ya 10A, pomwe iyi imatha ntchitoyo pa maola awiri ndi mphindi zochepa. Pamenepo palibe chodandaula.

Nkhani yagona pa kutentha. Magetsi olowa akachuluka kawiri, kutentha kobadwira mkati mwa maselo (timabatire ting'onoting'ono topanga batire lonse) kumachuluka kanayi. Galimoto zambiri zamagetsi zili ndi madzi ozungulira oziziritsa batire, koma njinga ilibe. Maselo ake angopanikizana m'bokosi lotseka. Maselo a lithium safuna kutchajidwa akapitirira madigiri 45. Tsono mu Okutobala ndi Novembala, masana kuno kumafika madigiri 35, njinga yangochokera ku Senga Bay itanyamula munthu ndi katundu wake, batire lafunda kale. Mukalumikiza pompopompo, BMS (kachipangizo koteteza batire) yabwino imadula magetsi, mwininjinga n'kumati chaja yafa. Siinafe ayi. Choopsa ndi BMS yotchipa yopanda sensa ya kutentha: iyo siidula, maselo amatha mphamvu msanga, ena mpaka kutupa.

Njinga iyambe yapuma pamthunzi kwa theka la ola. Ngati batire limachotseka, litulutseni, muliike pa simenti pamalo popita mphepo, osati m'kashopu kamalata kotseka. Lichotseni pa chaja likafika pa 80 peresenti, chifukwa kupitirira apo chaja imachepetsa yokha liwiro, mwangotaya nthawi ya makasitomala. Kudzaza mpaka 100 kusiyireni chaja ya 10A usiku.

Chajayo payokha ili ndi fani imodzi, yaphokoso ndithu, ndipo imakoka fumbi ndi mchenga. Timabowo take tikatsekeka, chajayo imatentha n'kuzima. Muzipukuta ndi kaburashi sabata iliyonse. Imakokanso mawati opitirira 1,600, ndiye ekisitenshoni yawaya wowonda imasungunuka pa pulagi. Ilowe pa soketi yapakhoma.

Musanapereke ndalama, werengani zolembedwa pa batire ndi pa chaja. Mawu oti 72V okha sakwanira, chifukwa mabatire a lithium ali mitundumitundu, monga NMC ndi LFP. Batire la NMC la maselo 20 limadzaza pa 84V, pomwe la LFP la maselo 24 limafuna 87.6V. Chaja ya 87.6V pa batire la NMC ikhoza kuyatsa moto.