Nkhani ya bambo tsopano ili papepala

A malume, achemwali ndi nonse ku Linthipe amene mumandifunsa kuti filimu ija ili pati, lero ndikuyankheni.

Chindidyetsa kuno ku Lilongwe ndi kamera: maukwati ndi zinkhoswe Loweruka lililonse. Koma ndimakhala ku Area 25, ndipo nyengo ya fodya ikafika, malole a mabelo amadutsa kupita ku okushoni ku Kanengo. Fungo lija likandipeza ndimakumbukira bambo, zaka zija anali tenanti ku esiteti ku Kasungu n'kubwerako ndi njinga yakutha ndi chifuwa. Ndinayesa kulemba nkhani yawo ndekha m'kope kuti ikhale filimu. Linadzaza, koma munalibe choti munthu angaime patsogolo pa kamera n'kuchita.

Mnzanga wina wazisudzo ndiye anandilozera mayi wina wa ku Kawale. Salembedwa ntchito paliponse. Mwezi uno alemba sewero la pawailesi, mwezi wamawa kafilimu ka bungwe, aliyense amulipira pa ntchito yake. Tinakumana ku Old Town, ine nditakonzeka kulira nayo nkhani ya bambo. Iwo anayamba ndi mafunso ouma: filimuyi ndi ya mphindi zingati, ndalama zojambulira zilipo zingati, adzaonere ndani? Anandiuza kuti tsamba limodzi la sikilipiti, zolemba zimene azisudzo ndi wojambula amatsatira, limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, ndiye mphindi 30 ndi masamba ngati 30. Malo aliwonse atsopano amene alembedwa ndi galimoto ndi mafuta. Munthu aliyense wowonjezera ndi mbale ya nsima.

Ntchito inayenda ngati kumanga nyumba. Poyamba chidule cha tsamba limodzi. Nditavomera, anayala nkhani yonse chigawo ndi chigawo, opanda mawu oyankhulana. Kenako sikilipiti yoyamba, ndipo tinagwirizana kuti aikonza kawiri, kupitirira apo ndilipira padera. Malipiro tinawagawa patatu pa Airtel Money: posaina, pobwera sikilipiti yoyamba, ndi pomaliza. Mu Novembala 2023, tili pakati, kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Papepala la mgwirizano wathu panalibe mawu a zimenezi, koma gawo lomaliza ndinawonjezera, chifukwa ufa unakwerera tonse.

Pepalalo anaumirira ndi iwowo. Ine ndinkati tingokhulupirirana, iwo akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tinalemba kuti ufulu wojambula ndi kugulitsa filimuyi ndi wanga, iwo sangapereke sikilipitiyi kwa wina, koma dzina lawo lidzaoneka ngati mlembi. Anandiuzanso za COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso lomwe lili kuno ku Lilongwe, ndi lamulo la 2016 loteteza ntchito zoterezi. Ndinali ndisanaganizepo kuti nkhani ya bambo anga ingakhale ndi eni awiri.

Apo ndi pamene zinandivuta. A malume, mundikhululukire: mu sikilipiti inu ndi abale anu awiri mwasanduka munthu mmodzi. Nditawerenga ndinapsa mtima, masiku atatu osayankha foni. Mlembi uja anadikira, kenako anandifunsa kuti woonera amene sakukudziwani angakusiyanitseni bwanji atatu m'mphindi 30. Ndinasowa choyankha. Anachotsanso ulendo wonse wa pa lole kuchokera kwathu kukafika ku Kasungu, umene ine ndinaulemba masamba asanu. Kwatsala amayi atanyamula mphika pamutu, lole ikulira kumbuyo. Ndikuvomereza, pamenepo anakhoza.

Koma pena ndinakana ine. Analemba bambo tsiku lowerengera ndalama akukalipira mwini esiteti, mawu aatali, okoma ngati a loya. Ndinati ayi, amenewo si bambo anga. Mlembiyu anabadwira m'tauni, sanaonepo mwamuna wamkulu atavula chipewa n'kunjuta pamaso pa kalaliki wamsinkhu wa mwana wake. Ndi chifukwa chake achemwali ndinakuvutitsani kuti muwajambule amayi mawu pa WhatsApp. Mlembi uja anamvetsera kawiri, osanena kanthu, n'kupita. Patatha sabata anabweretsa chigawo china. Kalaliki akuwerenga ngongole: chimanga, feteleza, mchere, makasu, mankhwala a mwana. Bambo alandira zotsalazo, aziwerenga, aziwerenganso, anena "zikomo bwana", n'kutuluka. Akafika kuseri kwa chigafa ndi pamene akhala pansi. Ndinawerengera m'minibasi yochokera m'tauni, ndipo ndinapitirira siteji yanga osadziwa.

Sindikanatha kulemba zimenezo. Iwonso sakanazipeza popanda mawu a amayi. Ndalama ndinalipira ine, koma sindinagule munthu woti azingondivomera, ndipo ndikuthokoza kuti sanali wotero. Anandiuza kuti tilembe kumapeto kuti boma linathetsa utenanti mwalamulo mu 2021, bambo atapita kale. Ndinavomera.

Sikilipiti yatha, masamba 32. Azisudzo tikuyeserera Lamlungu masana pakhonde panga, ndipo mlembi amabwera kudzamva pamene lilime likupunthwa, n'kukonza pomwepo ndi bolopeni, ngakhale izi sizinali pamgwirizano.

Tsono pempho langa ndi ili. Tibwera kudzajambula mukakolola, mvula itatheratu. Nyumba yaudzu ya agogo ija musaifolere malata kaye, ndipo nkhokwe yakale musaigwetse. A malume, mukalankhule ndi a mfumu kuti tidzafuna bwalo tsiku limodzi. Achemwali, muwafunse amayi ngati chipewa cha bambo chija chikadali m'sutikesi.