Promethazine kapena cyclizine pa mseru wa amayi apakati

Amayi anzanga mwakhala mukundifunsa kuti pa mankhwala a mseru amene ndinamwa ndili woyembekezera, abwino ndi ati. Ndiyankhe kamodzi.

Promethazine ndi cyclizine onse ndi a gulu la antihistamine (mankhwala amene amathandizanso pa ziwengo), ndipo madokotala akhala akuwapereka kwa amayi apakati kwa zaka zambiri. Onse amachepetsa kusanza. Kusiyana kwake kuli pa tulo.

Promethazine amagwira, sindingakane. Koma amene anandigulitsa anangoti "muzimwa m'mawa ndi madzulo," za tulo osatchula n'komwe. Ine ndimasoka pa makina. Nditamwa piritsi la 25 mg m'mawa, ndinayamba kuwodzera chovala cha kasitomala chili pansi pa singano, chala changa chili pomwepo. Mutu unkalemera mpaka madzulo, kukamwa kuli gwa, chifukwa mankhwalawa amakhalitsa m'thupi. Ntchito inaima, makasitomala ena anakatenga nsalu zawo n'kupita kwa telala wina.

Mpaka lero zimandiwawa mumtima. Munthu ndamuuza kuti ndili ndi pakati, ndamuuzanso ntchito yanga, iye osandichenjeza ngakhale mawu amodzi. Nanga akanakhala mayi woyendetsa galimoto, kapena wophika pa mbaula kamwana kakukwawa pafupi? Anesi a ku sikelo ndi amene anadzandiuza kuti ndizimwa pogona pokha.

Cyclizine ndi wa 50 mg, mpaka katatu pa tsiku. Nayenso amabweretsa tulo, koma kwa ine tinali tochepa, moti ndinkasoka bwinobwino. Choipa chake, mphamvu imatha msanga. Mukaiwala piritsi la masana, mseru wabwerera.

Pa mtengo promethazine wapambana, poti ku chipatala cha boma, akakhalapo, mumalandira ulere.

Jinja ndi vitamini B6, zimene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika m'malangizo ake a 2016, zimathandiza mseru wochepa. Kwa ine zinandifikitsa pa kadzutsa basi.

Ndiye ngati mumagwira ntchito masana, ine ndili kumbali ya cyclizine. Promethazine ndi wa munthu amene akukagona. Musamwe onse awiri pamodzi mwa nokha, funsani kaye ku sikelo. Ndipo ngati ngakhale madzi akubwerera, mkodzo wachepa n'kuda, chizungulire chikukugwetsani, musadalirenso mapiritsi: pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mwina pafunika dripu.