Stockfish, Leela, Maia ndi katswiri wa pabwalo: wamphamvu ndani pa chess, nanga aliyense ntchito yake ndi yotani?

Mkangano woti kompyuta ndi munthu wamkulu ndani pa chess unatha kalekale. Mu 1996 ku Philadelphia, Garry Kasparov anagonjetsa Deep Blue ya kampani ya IBM ndi mapointi 4 kwa 2, koma chaka chotsatira ku New York makinawo anabweza ndi 3½ kwa 2½. Mu 2005 ku London, Hydra inangomusiyira Michael Adams theka la pointi pa magemu 6. Mu 2006 ku Bonn, Vladimir Kramnik, yemwe panthawiyo anali katswiri wa dziko lonse, anagonja kwa Deep Fritz 4 kwa 2, ndipo m'gemu yachiwiri sanaone kuti mfumu yake ikuphedwa pa kusuntha kamodzi kokha. Pofika 2009, Pocket Fritz 4 inapambana mpikisano wa Copa Mercosur ku Buenos Aires ikuyenda pa foni ya m'manja. Foni imene muli nayo ku Ndirande kapena ku Chilomoni lero ndi yamphamvu kuposa imeneyo.

Pa manambala pokha mpofunika kusamala. Pa nambala yoyeza mphamvu ya wosewera, Magnus Carlsen anafika pa 2882 mu 2014, ndipo palibe munthu amene anapitirirapo pa mndandanda wa FIDE, bungwe loyendetsa chess pa dziko lonse. Stockfish, yomwe ndi injini (pulogalamu ya kompyuta yosewera chess), amaiika kupitirira 3500 pa mindandanda ya mainjini monga CCRL. Koma sikelo ziwirizi n'zosiyana: nambala ya injini imachokera ku magemu a injini zokhazokha, ya munthu imachokera ku mipikisano ya anthu. Musangochotsera n'kunena kuti kusiyana kwake ndi mwakuti. Umboni wogwirika ndi wa magemu opatsana mwayi. Mu 2016 Hikaru Nakamura anasewera ndi Komodo, injiniyo ikuyamba yoperewera zida kapena itamulola kusuntha kangapo isanayambe, koma anagonjabe 2½ kwa 1½.

Ndiye nkhani yatsala ndi yakuti pa zinayizi (injini za Stockfish, Leela ndi Maia, komanso katswiri wa pabwalo), wosewera wa kuno ku Blantyre agwiritse chiti, pa ntchito yanji.

Stockfish ndi yaulere, imayenda pa laputopu yakale ngakhalenso pa foni ya Android kudzera mu DroidFish, ndipo mukaitsitsa kamodzi simufunanso bandulo. Kuyambira 2020 imagwiritsa ntchito NNUE, kaubongo kakang'ono koyeza mmene bolodi lilili, kamene kamathamanga bwino pa purosesa wamba. Pofufuza pamene munalakwitsa, palibe yoiposa. M'zosankha za pulogalamuyi, ikani Threads mochepera ndi imodzi pa ma core a makina anu, Hash pa 128 MB ngati ndi foni, ndipo MultiPV ikhale 3 kuti muone njira zitatu osati imodzi. Vuto la pa foni ndi kutentha. Ikaganiza kwa nthawi yaitali foni imatentha, purosesa imadzichepetsa liwiro yokha, batire n'kumatsika mofulumira, zomwe n'zowawa tsiku lomwe magetsi azima. Ipatseni masekondi 20 kapena 30 pa malo ovuta okha, osati gemu yonse.

Ambiri amasokonezeka ndi nambala imene Stockfish imaonetsa. Kale +1.00 inkatanthauza kuti mwatsogola ndi pawn imodzi. Kuyambira Stockfish 15.1, imatanthauza kuti injini ikamasewera ndi injini inzake yofanana nayo mphamvu, ingapambane theka la magemu kuchokera pamenepo. Inu si injini. Malo a +0.80 ofuna kuti musunthe molondola kasanu motsatizana ndi oopsa kwa inu kuposa a +0.30 osavuta kuwamvetsa. Chinanso, mukaona nambala yaima pamodzi, mwachitsanzo +1.50, kuzama kwa kuwerengera kukukwera koma iyo osasuntha, kayikirani: nthawi zambiri mdani wamanga linga losabooleka ndipo gemuyo ithera kufanana mphamvu.

Leela Chess Zero inatsata njira ya AlphaZero ya DeepMind, imene mu 2017 inasewera magemu 100 ndi Stockfish 8, n'kupambana 28, kufanana mphamvu 72, osagonja ngakhale imodzi. Leela imawerengera malo ochepa kwambiri pa sekondi, koma lililonse imaliyeza mozama, choncho malangizo ake pa kaimidwe ka zida ndi mapulani a patali amamveka bwino kwa munthu. Tsoka lake imafuna GPU yabwino, lomwe ndi khadi la zithunzi la kompyuta. Pa laputopu ya muofesi yopanda khadi la zithunzi imafooka kwambiri, ndipo kuiyerekeza ndi Stockfish pa makina oterowo n'kuilakwira. Ngati mulibe GPU, isiyeni.

Pa ntchito yosewera nayo, onse awiriwa sakwanira. Stockfish ya mphamvu zonse ikugonjetsani musanadziwe chimene chalakwika. Mukaichepetsa mphamvu ndi Skill Level, yomwe imachokera pa 0 kufika 20, imasewera modabwitsa: kusuntha kolondola kasanu ndi kamodzi, kenako n'kutaya hatchi popanda chifukwa chimene munthu angatayire. Chifukwa chake n'chakuti simaganiza ngati wosewera wofooka, imangosankha dala kusuntha koipa pa mndandanda wake. Apa mpamene Maia imapambana. Anaiphunzitsa ndi magemu a anthu a pa Lichess, tsamba la pa intaneti losewerera chess, kuti izilosera chomwe munthu wa msinkhu wakuti angasunthe, kuyambira 1100 mpaka 1900. Imagwa m'misampha imene anthu amagwamo, ndiye mumaphunzira kutchera ndi kulanga zolakwa zomwe mudzakumane nazo pa mpikisano wa Chessam, bungwe la chess la kuno ku Malawi. Pa Lichess muipeza ndi mayina a maia1, maia5 ndi maia9, koma pamafunika intaneti.

Katswiri wa pabwalo, uja amakugonjetsani ku kalabu ku Limbe, ndi wofooka kuposa injini zonsezi kupatula Maia, komabe ndi yekhayo amene angakufunseni kuti, "Apa mumaganiza chiyani?" Injini imakuuzani kuti bishopu anayenera kupita pa d3. Munthu amaona kuti mumaopa kusinthana ma queen, kapena kuti mumathamanga nthawi ikamatha. Ndondomeko yabwino ndi iyi: lembani gemu yanu, muibwereze nokha pa bolodi mukulemba malo atatu amene munakayikira, muikambirane ndi wosewera wokuposani, ndipo pomaliza mpamene muyatse Stockfish kuti itsimikize. Mukayamba ndi injini, maso amangotsata muvi wa pa sikirini ndipo mutu sugwira ntchito.

Pa tsiku la mpikisano foniyo isiyeni kunyumba kapena muipereke kwa woyimbira. Malamulo a FIDE salola kukhala ndi chipangizo chotere pomwe mukusewera, ndipo mukapezeka nacho gemu imaperekedwa kwa mnzanuyo ngakhale simunachiyatse.