Khakhra ya jeera: yam'paketi, yamuuvuni kapena yapachiwaya?

Anzanga amene analawako khakhra kwathu andikakamira ndi funso limodzimodzi: kodi angogula yam'paketi m'masitolo a Amwenye ku Limbe, aziika muuvuni, kapena avutike nayo pachiwaya? Ndiyankhe pano, aliyense adzionere yekha.

Kwa amene simunaionepo, khakhra ndi chapati chopyapyala kwambiri cha ku Gujarat, kumadzulo kwa India, chomwe amachiotcha mochipsinja mpaka chiume gwa. Kumeneko amadya m'mawa ndi tiyi, atapaka ghee (mafuta ochokera ku batala wosungunula) kapena kuika achali pambali, ndipo Ajaini, anthu a chipembedzo china cha ku India, amaikonda kwambiri ponyamula paulendo chifukwa siichedwa kukhutitsa koma imachedwa kuwonongeka. Ilipo ya methi (masamba onunkhira a fenugreek), ya masala ndi zina, koma ine yanga ndi ya jeera, timbewu tonunkhira tomwe pa Chingerezi amati cumin. Sizodabwitsa kuti jeera ndi wa pakhomo kwa a ku Gujarat: msika waukulu wa jeera ku India uli ku Unjha, mu Gujarat momwemo.

Ndiyambe ndi yam'paketi, chifukwa ndi imene inandipsetsa mtima. Imakopa: yonse yozungulira bwino, yofanana, yothinitsidwa m'pulasitiki wopanda mpweya. Mtengo wolembedwa pashelefu sindiudandaula. Chimene sakuuzani n'chakuti mumalipira paketi yonse koma mumadya theka. Chinthuchi n'chosalimba, ndipo chayenda ulendo wautali, pasitima ya pamadzi, padoko, m'malole, kenako m'manja mwa anyamata otsitsa makatoni. Paketi imene ndinagula m'sitolo ina, yomwe sinditchula, pamwamba inali ndi ziwiri zathunthu, pansi ponse zinyenyeswa zokhazokha. Alendo simungawapatse zimenezo pambale.

Zinyenyeswa ndikanapirira. Chimene sindinakhululuke ndi fungo. Khakhra imakhala ndi mafuta, ndipo mafuta akakhalitsa pamalo otentha amasasa. Mukang'amba paketi, m'malo moti jeera akulonjereni, mumamva kafungo ka mafuta akale kamene kamatsalira kukhosi ngakhale mutamwa tiyi wambiri. Tsiku lolembedwa papaketi linali lisanakwane, motero nditabwerera kusitolo anangondiloza zilembozo n'kunena kuti katundu wotsegula sabwezedwa. Jeera nayenso anali atatha mphamvu, ukuona timbewu koma lilime silikumva kanthu. Kwa amene muli ku Leicester, ku England, kumene a Chigujarati ndi ambiri ndipo katundu sagona pashelefu ya ku Belgrave Road, nkhani ikhoza kukhala ina. Kuno, paketi ndi juga.

Uvuni ndi njira ya waulesi wanzeru, ndipo sindiinyoza kotheratu. Mumaika zingapo nthawi imodzi pamoto wa madigiri 160, n'kumachita zina. Vuto lake palibe chozipsinja, ndiye zimatupa matuza, m'mbali zimapindika n'kupsa pakati pasanaume. Mukasanjika thireyi ina pamwamba zimawongokako, komabe chotuluka chimakoma ngati bisiketi yamchere. Timadontho tofiirira tija, tomwe timabweretsa kafungo kootcha, simutiona.

Makina amagetsi opsinjira chapati sindiwawerengera: ndi odula, ndipo magetsi akathima mtanda uli pakati amakhala chokongoletsera kukhitchini.

Tsopano chiwaya. Ku India amachitcha tawa, ndipo chiwaya chachitsulo chokhuthala, chophwatalala, chimagwira ntchito yomweyo. Musanafike pamoto, nkhondo imayambira pa ufa. Gulani atta, ufa wa tirigu wosachotsa gaga koma wopera mosalala. Ufa wa buledi wa bulawuni uli ndi gaga wokhakhala amene amang'amba mtanda mukamaupyapyalitsa, pomwe ufa woyera umatamuka n'kumabwerera, ndipo ukauma umalimba m'malo mothyoka. Pa makapu 2 a atta ikani masipuni aakulu 2 a mafuta, mchere, ndi timasipuni 2 ta jeera. Jeerayo muyambe mwamukazinga pang'ono popanda mafuta mpaka anunkhire, kenako mumusinje mosalalitsa ayi, angosweka. Wathunthu amaboola mtanda pansi pa chogudubuzira, waufa amangodetsa osamveka pakamwa. Madzi thirani pang'onopang'ono, mtanda ukhale wolimbirapo kuposa wa chapati, muuvundikire mphindi 20.

Pogudubuza m'pamene ambiri amagonjera. Kampira ka mtanda kakhale kakang'ono, mukafutukule mpaka mtundu wa thabwa uzionekera pansi pake. Botolo loyera limagwira ntchito ngati mulibe chogudubuzira. Mukasiya pakati pokhuthala, pamenepo sipadzauma.

Kuotcha kumachitika kawiri, ndipo apa ndi pamene chiwaya chimaposera zonse. Koyamba mumangoiwambitsa mbali zonse masekondi ochepa, ingosintha mtundu, n'kuiika pambali. Zonse zikatha, chepetsani moto kwambiri. Pambaula, dikirani makala achite phulusa pamwamba. Pakani timafuta kapena ghee, ibwezereni pachiwaya, tengani kansalu koyera kopindapinda n'kuyamba kupsinja, kuyambira m'mbali kulowa pakati, mukuizunguza. Mukaona thuza likutukuka, likanikizeni nthawi yomweyo. Tembenuzani, psinjaninso, tembenuzaninso. Poyamba pansi pa nsalu pamamveka pofewa, kenako mumamva ikukwekwesa chitsulo, ndipo mukaikweza ndi zala siiwerama. Pamenepo yapsa. Iyalikeni payokha izizire, chifukwa mukasanjikiza zotentha nthunzi imazifewetsanso. Ku Gujarat ena amapsinjira kathabwa kozungulira kokhala ndi chogwirira, koma nsalu imakulolani kumva ndi dzanja pamene pakadali pofewa.

Choipa chake sindibisa: imadya nthawi. Imodzi imodzi, mutaimirira, msana ukudandaula, ndipo mukangoti muwonjezere moto kuti mufulumire mupeza yamawanga akuda koma yofewa mkati. Ana nawo amadya mofulumira kuposa mmene mukuotchera. Koma jeera amamveka nyumba yonse, mafuta mukudziwa kuti ndi atsopano, ndipo m'chitini chotseka bwino imakhala masabata awiri osasintha, kupatula nthawi ya dzinja pamene chinyontho chimailowerera. Ikatero ingoibwezerani pachiwaya kamphindi.

Ndiye yankho langa ndi chiwaya. Uvuni ndimaulola ngati mwadzidzimutsidwa ndi alendo ambiri. Paketi gulani pokhapokha mwaigwedeza pafupi ndi khutu n'kumva kuti mulibe zolira mkati, ndipo mwafunsa kuti katunduyo anafika liti. Amene mukuopa kugudubuza, yambani ndi chapati chopyapyala chotsala dzulo, monga amachitira m'makomo ambiri a ku Gujarat: chipakeni ghee, wazani jeera wosinja ndi kamchere, muchipsinje pamoto wochepa mpaka chiume.