Foni, wotchi, Edge kapena eTrex: GPS yoyenda nayo pa njinga ndi m'mapiri

Anzanga amene timapalasa nawo njinga sakundipumitsa ndi funso loti agule GPS iti. Ndiyankhe kamodzi, koma ndiyambire pomwe panandipweteka.

Kachipangizo kanga koyamba, komwe sinditchula dzina lake, ndinakagula chifukwa pabokosi analembapo kuti kali ndi mapu ndipo kamalondolera njira. M'misewu ya m'tauni kankagwira bwino ntchito. Tsiku lina ndili m'kati mwa nkhalango, ndinapeza mlatho womwe ndinkayenera kuwolokera utakokoloka, ndiye ndinakhotera kanjira kena. Pasikirini panangotsala kamzere ndi kadontho, kwinako kuli mbee. Kenako kanayamba kulira kuti ndaphonya njira, koma njira ina osandipatsa. Mapu aja sanali m'kachipangizomo ayi. Ankachokera pa foni, foni inkawatenga pa intaneti, ndipo kumaloko netiweki kunalibe. Ndinatulukamo kutada, ndikukankha njinga.

Mawa lake ndipamene ndinapeza kuti mapu okhala m'kati mwake amafuna kulipira chaka ndi chaka. Pabokosi zimenezo sanalembepo. Chimandiwawa kwambiri n'chakuti GPS payokha ndi yaulere. Masetilaiti ake amazungulira m'mwamba makilomita pafupifupi 20,200, amangotumiza zizindikiro, ndipo kachipangizo kakamva anayi kamadziwa pomwe muli. Sipafunika data, sipafunika netiweki. Koma kadontho kosonyeza pomwe muli kalibe phindu ngati pansi pake palibe msewu, mtsinje kapena mphambano. Choncho musanapereke ndalama, zimitsani foni muone ngati mapu akuonekabe, ndipo funsani ngati kachipangizoko kangakupezereni njira ina pakokha.

Foni sindiinyoza. Mukaikamo pulogalamu ya mapu ngati Organic Maps kapena OsmAnd n'kukopera mapu a pa intaneti a OpenStreetMap mudakali pa netiweki, imakulondolerani bwinobwino. Vuto limabwera mukaimangirira pa handulo. Dzuwa likawomba pagalasi mumawonjezera kuwala, foni imatentha, batire n'kumatsika mukuona. Mukagwa imayamba kusweka ndi iyo, chonsecho ndi yomwe mukanaimbira wokuthandizani. Yanga imakhala m'thumba.

Wotchi ya GPS ndi yabwino kwa othamanga, koma potsetsereka simungachotse dzanja pa buleki kuti muwerenge mapu aang'ono ngati batani la malaya.

Pa zipangizo zopangidwira njinga, mpikisano weniweni uli pakati pa Garmin Edge, Wahoo Elemnt ndi Hammerhead Karoo. Karoo imayendera Android ndipo mapu ake amaoneka okongola ngati a pa foni, koma sikirini yowala chonchi imadya batire. Wahoo ndi yosavuta: zambiri mumazikonzera pa foni musananyamuke, panjira n'kumangodina mabatani. Munthu amene safuna kuvutika ndi zosankha zambirimbiri atenge imeneyi, sadzadandaula.

Ine ndili ku Edge. Mu 2023 kunatuluka 540 ndi 840, zofanana kukula, ndipo zonse zimasunga mapu m'kati n'kumapeza zokha njira ina mukaphonya. Kusiyana kwakukulu n'kwakuti 840 mutha kuikhudza pagalasi, pomwe 540 ndi ya mabatani okha. Ndinasankha 540. Mvula ikamagwa, madontho amadina okha sikirini yokhudza, ndipo chala cha thukuta kapena cha golovesi sichimveka bwino. Batani mumalimva kuti ladinika maso ali pamsewu. Ndivomereze kuti kusuntha mapu ndi mabatani kumachedwa, ndiye amene amakonda kufufuza njira ali panjira angakonde 840. Zonse ziwirizi zimamva masetilaiti pa mafunde awiri, L1 ndi L5, zomwe zimathandiza pansi pa mitengo yowirira ndi m'zigwa zakuya. Pamalo oyera ndimazimitsa zimenezi kuti batire likhalitse.

Zoti n'zosalowa madzi zisakutayitseni nthawi, chifukwa zipangizo zambiri zili ndi muyezo wa IPX7, kutanthauza mphindi 30 m'madzi akuya mita imodzi.

Ulendo ukakhala wa masiku angapo, wapansi kapena wa njinga yonyamula katundu, mtima wanga uli pa eTrex, GPS ya m'manja ya Garmin, ndipo apa ndimakondera. Ndi yochedwa, sikirini yake ndi yaing'ono, koma imadya mabatire awiri a AA. Akatha mumatsegula kumbuyo, kuika ena, ulendo n'kupitirira. Palibe zofunafuna potchajira kapena zodikira pawabanki. Ndinasinthapo mabatire ake m'mamawa kuli chifunga, zala zitauma ndi kuzizira, ndipo patangopita kanthawi kochepa inali itandipeza kale. Kungoti samalani posankha. eTrex 22x ndi 32x zili ndi mapu, ndipo 32x ili ndi kampasi komanso choyezera kukwera kwa malo potengera mphamvu ya mpweya. eTrex SE batire lake limakhalitsa kwambiri, koma ilibe mapu a misewu ndi tinjira, imangojambula mzere womwe mukutsatira.

Amene maulendo ake ndi a njinga a tsiku limodzi agule Edge 540 kapena Wahoo. Amene amagona kutchire atenge 32x ndi mabatire anayi apadera.