Ampulifaya ya Alpine KTP-445U pa wailesi ya pikapu: zimene ndapeza patatha miyezi itatu

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti vuto la nyimbo m'pikapu yanga linali masipika, chifukwa ndikangofika pa liwiro la makilomita 100 pa ola, phokoso la injini ya dizilo ndi la matayala linkameza mawu a woimba, ndipo ndikakweza voliyumu mawuwo ankayamba kusasa ngati akutulukira m'chitini. Vuto lenileni linali mphamvu. Mawailesi ambiri a m'galimoto amanenedwa kuti amapereka mawati 50 pa sipika iliyonse, koma nambala imeneyo ndi ya mphamvu ya kanthawi kochepa kwambiri. Mphamvu yokhazikika, imene amaitcha RMS, nthawi zambiri imakhala pakati pa mawati 15 ndi 20, chifukwa kachipangizo kokweza mawu kamene kali m'wailesimo kamadalira mavoti 12 mpaka 14 a galimoto popanda kuwawonjezera.

Sindinafune kuchotsa wailesi yobwera ndi galimoto, popeza mabatani a pachiwongolero ndi Bluetooth ya foni zonse zimadutsira momwemo. N'chifukwa chake ndinasankha ampulifaya (chipangizo chowonjezera mphamvu ya mawu) ya Alpine KTP-445U, imene imapereka mawati 45 RMS ku sipika iliyonse mwa masipika anayi a 4 ohms, ndipo imalandira mawu kuchokera pa mawaya a masipika a wailesi yakaleyo. Ndi ya mtundu wa Class D, choncho sitentha kwambiri ndiponso simeza magetsi ochuluka. Chimene chinandikopa kwambiri ndi kuchepa kwake, pakuti m'pikapu malo ndi osowa: kumbuyo kwa mpando kuli jeke ndi zida, pansi pa mpando pamalowa fumbi ndi matope a nsapato, koma kabokosi aka kanakwana kuseri kwa dashibodi ndipo sikaoneka n'komwe.

Ntchito yoika inanditengera masana onse. Ndinayamba ndi kuchotsa waya wa negativu pa batire, kenako ndinagwiritsa ntchito mawaya apadera okhala ndi mapulagi olowa pakati pa wailesi ndi mawaya a galimoto, kuti ndisadule ngakhale waya mmodzi wa kufakitale. Magetsi ndinawakoka kuchokera ku batire, ndipo fyuzi ndinaiika pafupi kwambiri ndi batireyo, chifukwa fyuzi imeneyi imateteza waya kuti usayake ukapalika pa chitsulo. Cholakwika chimodzi chinali changa. Waya wa earth ndinaumanga pa bawuti yokhala pa chitsulo chopakidwa penti, ndipo nditaliza injini ndinamva kaphokoso kopyapyala ngati ka udzudzu, kamene kankakwera ndikaponda mafuta n'kutsika ndikachotsa phazi. Nditamasula bawutiyo n'kupala penti mpaka chitsulo chitawala, kaphokosoko kanatheratu.

Pali timaswitchi ting'onoting'ono tosankhira zosefera mawu, ndipo ndi bwino kutikonza ampulifaya isanalowe kuseri kwa dashibodi, chifukwa ikalowa dzanja silifikako mosavuta. Ine ndinasankha kudula mawu a pansi pa 80 Hz, kuti masipika ang'onoang'ono a m'zitseko asamavutike ndi besi yakuya imene sangathe kuitulutsa. Kabatani ka gain nakonso kamafuna kuleza mtima. Anthu ambiri amakatenga ngati voliyumu yachiwiri n'kukapotoza mpaka kumapeto, pamene ntchito yake ndi yogwirizanitsa mphamvu yochokera ku wailesi ndi ya ampulifaya. Ndinaika voliyumu ya wailesi pa magawo atatu mwa anayi, ndinakweza gain pang'onopang'ono mpaka mawu atayamba kusweka, kenako ndinabweza pang'ono.

Amene akuyembekezera kuti galimoto izigwedezeka akhumudwa, ndipo ndi bwino ndinene zimenezi mosabisa. Kuwirikiza kawiri mawati kumangowonjezera madesibelo (muyeso wa kukwera kwa mawu) 3, kotero kuchoka pa mawati 18 kufika pa 45 ndi kusintha kwa madesibelo pafupifupi 4, kumene khutu limakumva koma sikodabwitsa. Chimene chinasintha kwenikweni ndi kuyera kwa mawu. Pa msewu womwe uja ndi liwiro lomwe lija, tsopano ndimamva gitala payokha, ng'oma payokha, ndipo wowerenga nkhani pa wailesi ndimamumva liwu lililonse popanda kupendekera kutsogolo. Ulendo wa maola atatu sunditopetsanso makutu monga kale.

Dziwaninso kuti ampulifaya imangokweza zimene yapatsidwa. Mawailesi ena a kufakitale amachepetsa okha besi voliyumu ikamakwera, pofuna kuteteza masipika awo, ndipo besi yochotsedwa kumeneko ampulifaya iyi siingaibwezeretse. Wofuna kugunda kwamphamvu ayenera kuwonjezera subwoofer, sipika ya besi yakuya, yokhala ndi ampulifaya yakeyake. Komanso amene pikapu yake inabwera kale ndi ampulifaya ya kufakitale ayambe waona kaye kalumikizidwe kake asanagule, chifukwa mawaya ake amayenda mosiyana.

Kwa woyendetsa pikapu amene ali ndi wailesi wamba ndi masipika anayi, amene akungofuna kumva nyimbo bwinobwino pa msewu waukulu popanda kutaya malo kapena mabatani a pachiwongolero, ndikuivomereza ndi mtima wonse. Ine chotsatira changa ndi kusintha masipika a m'zitseko zakutsogolo, chifukwa tsopano ndi amene akuonetsa malire awo voliyumu ikafika pamwamba.