Sukulu ya Kompyuta ya ku Area 25: Aphunzitsi Aluso, Zipangizo Zoperewera

Kufupi ndi msika wa Nsungwi ku Area 25 kuli sukulu yaing'ono ya zipinda ziwiri imene imaphunzitsa kompyuta kwa achinyamata amene amaliza Fomu 4, makamaka amene akudikira zotsatira za mayeso a MSCE komanso amene sanapeze malo ku yunivesite. Mwana wamkazi wa mchemwali wanga, amene ndimamulipirira sukulu, wangomaliza kumene maphunziro a miyezi itatu kumeneko, ndipo maganizo anga ndi akuti ndalama sizinapite pachabe, ngakhale pali zinthu zina zimene kholo liyenera kuzidziwa lisanalipire.

Sukulu zamtunduwu zachuluka mu Lilongwe chifukwa zikukwirira dzenje limene sukulu zathu zaboma zasiya. Kuchokera mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ana anadzadza m'makalasi, koma aphunzitsi, mabuku ndi zipinda sizinachuluke molingana ndi chiwerengero chawo. Phunziro la kompyuta lilipo ndithu pa mndandanda wa maphunziro a MSCE, koma sekondale zambiri zoyendera, za CDSS, zilibe makina ophunzitsira, ndipo zina ngakhale magetsi zilibe. Mtsikana wathuyu anakhoza bwino mayeso a MANEB, masamu ndi Chingerezi zomwe, koma anali asanalembepo kalata pa kompyuta chibadwire. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amanena za dziko lodzidalira lokhala ndi anthu aluso otha kupikisana ndi anzawo a m'mayiko ena, koma mwana amene wazolowera kukopera manotsi pa bolodi n'kuwaloweza pamtima sangapikisane ndi mnzake wa ku Nairobi kapena Kigali amene anayamba kugwira makinawa ali wamng'ono.

Chimene chandikhutiritsa kwambiri pa sukuluyi ndi kaphunzitsidwe ka mayi amene amaphunzitsa Excel, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera ndi kuwerengetsera manambala. Tsiku limene ndinapita kukalipira ndinaloledwa kukhala kumbuyo kwa kalasi, ndipo ndinaona kuti pa bolodi panalibe manotsi. Mayiwo anabweretsa kope lakale la pa okala, lothimbirira ndi mafuta ophikira, mmene munalembedwa shuga, sopo, mchere ndi machesi zimene zinaodedwa ndi kugulitsidwa mwezi wathunthu, pamodzi ndi ngongole za makasitomala. Ntchito ya ophunzira inali yolowetsa zonsezo m'kompyuta ndi kupeza chifukwa chimene mwini okalayo ankaona ngati malonda akuyenda pamene mpamba ukutha. Mnyamata wina atakweza mkono n'kufunsa kuti, "Madamu, yankho lake ndi liti?" iwo anangomuuza kuti, "Achimwene, bwererani ku ngongolezo, muziwonkhetse nokha." Patapita kanthawi mnyamatayo anapeza kuti katundu wambiri ankatuluka pangongole zosabwezedwa, ndipo anaimirira n'kufotokozera anzake popanda womuuza. Kalasi yotere, mmene mwana amafufuza yekha n'kuteteza yankho lake pamaso pa anzake, ndi imene ndimalakalaka itafika m'sekondale zonse za dziko lino, chifukwa olemba ntchito masiku ano, kaya ku Kanengo kaya kunja kwa dziko, amafuna munthu woti akapatsidwa vuto aganize, osati wodikira kuuzidwa chilichonse.

Amaphunzitsanso kulemba kalata yofunsira ntchito, kukonza CV, kutumiza imelo yaulemu ndi kutsatsa malonda pa WhatsApp ndi Facebook. Mbali imeneyi ndi yothandiza, ngakhale imathamangitsidwa m'masabata omaliza.

Zofooka zake zili pa zipangizo. Makompyuta ndi akale, ena amatenga nthawi yaitali kuti ayake, ndipo m'kalasi ya masana, imene imadzadza kwambiri, ophunzira awiri kapena atatu amagwiritsa ntchito makina amodzi. Zikatere wochenjera ndi amene amagwira kiyibodi, pamene wamanyazi amangoyang'ana, ndipo ndinaona kuti ongoyang'anawo ambiri anali atsikana. Izi zinandipweteka mtima, popeza kompyuta siphunziridwa ndi maso, imafuna zala. Magetsi akazima, sola imene ali nayo imangokwanira makina ochepa, choncho ena amabwerera kunyumba atawononga kale ndalama ya minibasi, ndipo tsiku lotayikalo silibwezedwa nthawi zonse. Intaneti nayo amayatsa pa maphunziro ena okha pofuna kusunga bandulo.

Nkhani ina yofunika kuisamala ndi ya satifiketi. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, ndi limene limalembetsa ndi kuyang'anira sukulu zophunzitsa ntchito zamanja ndi maluso m'dziko muno. Nditafunsa ku ofesi ngati sukuluyi inalembetsedwa, anandiyankha kuti zikalata zawo zikadali m'njira. Kunena zoona, sanandibisire, ndipo ndinawayamikira pa chimenecho, koma tanthauzo lake ndi lakuti pepala limene mwana amalandira pomaliza silingafanane mphamvu ndi la ku koleji yovomerezeka monga Lilongwe Technical College. Sindinakondwenso ndi chikwangwani chawo cha pamsewu chimene chimalonjeza kuti womaliza maphunzirowa adzatha kugwira ntchito za makampani akunja ali kunyumba. Miyezi itatu ndi yokwanira kumupatsa munthu poyambira, koma kupanga mapulogalamu a kompyuta kumene amatchula pa chikwangwanicho amangokukhudza pamwamba. Wofuna kuzama pa zimenezi ayenera kuganizira za yunivesite ya MUST ku Thyolo kapena ya MUBAS ku Blantyre, ndipo eni sukulu akanachita bwino kuwauza ana zimenezi mosabisa, m'malo mowakweza mtima ndi malonjezo amene sangakwaniritsidwe.

Pa nkhani ya malipiro ndi anthu omvetsa. Amalola kulipira mwezi ndi mwezi kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, amapereka lisiti nthawi yomweyo, ndipo pamene ndinachedwa ndi masiku angapo mwana sanabwezedwe pakhomo. Malo ndi aukhondo, madzi akumwa alipo, ndipo aphunzitsi amafika pa nthawi yake.

Kholo limene mwana wake akungokhala pakhomo kudikira zotsatira lingamutumize kumeneko mosakayika, koma limulembetse kalasi ya m'mawa, imene imakhala ndi anthu ochepa moti aliyense amapeza makina akeake, ndipo lifunsiretu ngati masiku ozima magetsi adzabwezedwa. Amene akufuna satifiketi yokafunsira ntchito m'boma kapena m'makampani akuluakulu ayambe waona umboni wa kulembetsedwa kwa sukuluyi asanatulutse ndalama. Mtsikana wathu uja pano akusunga mabuku a shopu ya zitsulo ya amalume ake ku Mchesi, ndipo mwezi wathawu ndi iye amene anazindikira kuti simenti ankaigulitsa pamtengo wosawerengera ndalama ya thiransipoti.